Mwana Wokhumudwa M'kalasi: Zimene Ofufuza Adapeza ndi Gawo la Mphunzitsi

Chaka china ndidapita kukayendera mmodzi wa ophunzira athu amene ankayesera uphunzitsi pa sukulu ina ya kumayadi, kuno ku Lilongwe. Tikuloŵa m'kalasi ya Sitandade 8, ndidaona mtsikana ali panja ndi tsache m'manja. Nditafunsa, mphunzitsiyo adati: "Ameneyu, bambo, wayamba ulesi. Teremu yatha adali wachitatu, koma tsopano salemba ntchito, amangosinza, ndipo ndikamufunsa amangoti mutu." Chibalo chimenecho chidali chachinai m'mwezi womwewo. Mphunzitsiyo sadali wankhanza ai. Ankachita zimene adaona aphunzitsi ake akuchita. Koma funso loti mwana wakhama angasanduke bwanji waulesi m'masabata oŵerengeka silidamufike m'maganizo. Sindikunena kuti mtsikanayo ankadwala matenda amene tikambirane pano, pakuti kuŵeruza kotere nkwa achipatala. Ndikunena kuti funsolo lidayenera kufunsidwa tsache lisanaperekedwe.

Matenda ake ofufuza amaŵatcha matenda okhumudwa. Dzinali limasokoneza pang'ono, popeza munthu aliyense amakhumudwa: pamaliro, polephera mayeso, pokangana ndi bwenzi. Kukhumudwa kotere kumazirala pakapita masiku. Kwa matenda nkosiyana. Munthu amakhala wachisoni pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata aŵiri kapena kupitirira, ndipo zimene ankazikonda sizimukomeranso. Tulo timasoŵa kapena timachuluka, chakudya sichiloŵa, thupi limalefuka, maganizo sakhazikika pa chinthu chimodzi. Amadziona wachabechabe, ndipo nthaŵi zina amalakalaka imfa. Mwa achinyamata chisonicho kaŵirikaŵiri chimaoneka ngati kupsa mtima msanga, kotero kuti mphunzitsi amachiyesa mwano. Tizindikirenso kuti anthu athu sakonda kunena kuti ali ndi chisoni. Amati mutu ukuŵaŵa, thupi likuphwanya, mtima ukuthamanga, kapena kuti akuganiza kwambiri.

Kubisala kwa matendaŵa kudaoneka poyera mu 2014, pamene a Michael Udedi, katswiri wa matenda a maganizo amene adagwira ntchito zaka zambiri ku likulu la Unduna wa Zaumoyo muno mu Lilongwe, adasindikiza m'magazini ya Malawi Medical Journal zimene adapeza pa chipatala cha Matawale ku Zomba. Mwa odwala 350 amene adafunsidwa, pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse adali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, koma ogwira ntchito pachipatalapo sadazindikirepo ngakhale mmodzi. Chaka chomwecho Dr. Felix Kauye ndi anzake adalengeza za kafukufuku wa ku Machinga. Kumeneko, m'zipatala zimene ogwira ntchito adaphunzitsidwa za matenda a maganizo, odwala opezeka ndi matenda okhumudwa adachuluka, ndipo olembedwa kuti ali ndi malungo adachepa. Ndiye kuti ena mwa amene ankapatsidwa mankhwala a malungo vuto lao lidali lina.

Odwala a ku Matawale ndi ku Machinga adali akuluakulu, osati ana a sukulu. Komabe phunziro lake likutikhudza. Wachipatala amamuona wodwala mphindi zoŵerengeka, ndipo sadziŵa m'mene munthuyo adaliri kale. Mphunzitsi amamuona mwana masiku asanu pa sabata, ali ndi kaundula, ali ndi malikisi a teremu yatha. Kusintha kumene wachipatala ayenera kuchita kufunsa, mphunzitsi amakuona ndi maso.

Nchifukwa chake ofufuza ena adayamba ndi aphunzitsi. Dr. Stan Kutcher, dokotala wa matenda a maganizo a achinyamata wa ku yunivesite ya Dalhousie ku Canada, adagwira ntchito pamodzi ndi a Udedi, bungwe la Farm Radio International ndi likulu la uphungu wa achinyamata la Guidance, Counselling and Youth Development Centre for Africa la mu Lilongwe. Adakonza buku la aphunzitsi lonena za umoyo wa maganizo, adakhazikitsa pulogalamu ya pa wailesi yotchedwa Nkhawa Njee, ndipo adaphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala za m'Chigawo Chapakati. Lipoti lao la 2015 lidaonetsa kuti aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a achinyamata 218, ataphunzira masiku atatu, adadziŵa zambiri kuposa kale, ndipo maganizo ao onyoza odwala adachepa. Lipotili tiliŵerenge mosamala. Chimene lidayesa ndi nzeru ndi mtima wa aphunzitsi maphunzirowo atangotha, osati chiŵerengero cha ana amene adachira. Ngakhale zili choncho, latiphunzitsa kuti kuzindikira matendaŵa sikulira digiri ya udokotala.

Tsono tibwere pa mankhwala, pamene pali mphekesera zambiri. Mankhwala oyamba a matendaŵa adadziŵika mu 1957, pamene Roland Kuhn wa ku Switzerland adalengeza kuti imipramine amathandiza odwala okhumudwa. Amitriptyline, amene ali m'gulu lomwelo, adatuluka mu 1961, ndipo fluoxetine adavomerezedwa ku America mu 1987. Aŵiri omalizaŵa ndiwo adagwiritsidwa ntchito m'kafukufuku wa kuno kwathu. Mitsempha ya mu ubongo imatumizirana uthenga ndi timadzi tapadera, ndipo tina mwa ito timatchedwa serotonin. Fluoxetine amachedwetsa kubwerera kwa serotonin mu mtsempha umene udamutulutsa. Kale anthu ankauzidwa kuti matendaŵa ndi kupereŵera chabe kwa serotonin, ngati m'mene magazi amapereŵerera, koma kafukufuku sadatsimikize zimenezo, ndipo inu musaphunzitse ana choncho. Chibadwa, imfa ya kholo, nkhanza, umphaŵi ndi matenda okhalitsa, zonsezi zimatengapo mbali.

Kodi mankhwalaŵa amathandiza? Mu 2018 Andrea Cipriani ndi anzake adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 522 wokhudza mitundu 21 ya mankhwala, ndipo adapeza kuti mwa akuluakulu mtundu uliwonse umaposa mapiritsi opanda mankhwala, ngakhale kuti kuposako sikwakukulu kwambiri. Pa achinyamata, kafukufuku wodziŵika ndi wa ku America wa 2004, wa ana 439 a zaka 12 mpaka 17. Patapita masabata 12, mwa 100 aliwonse olandira fluoxetine pamodzi ndi uphungu adapeza bwino 71. Olandira fluoxetine yekha 61. Olandira uphungu wokha 43. Olandira mapiritsi opanda mankhwala 35. Manambala ameneŵa muŵayang'ane kaŵiri. Mankhwala adathandizadi, koma adathandiza koposa pamene mwana adalinso ndi munthu wokambirana naye.

Chaka chomwecho cha 2004 boma la America lidalamula kuti pa mankhwala otere pazilembedwa chenjezo loti mwa ana ndi achinyamata ena maganizo ofuna kudzipha amatha kukula m'masabata oyamba. Chotero malangizo a bungwe la World Health Organization ndi akuti ana aang'ono asapatsidwe mankhwalaŵa, ndipo kwa achinyamata ayambe ndi uphungu. Ngati uphungu sukukwanira, ndi fluoxetine amene angaperekedwe, wachipatala akuyang'anira pafupipafupi. Amitriptyline si wa achinyamata. Amaumitsa kukamwa, amagonetsa, ndipo munthu akamwa wambiri nthaŵi imodzi amatha kufa, chifukwa amasokoneza kagundidwe ka mtima. Mwana wanu wa m'kalasi akakuuzani kuti akumwa mapiritsi a agogo ake kuti apeze tulo, imeneyo si nkhani yogonera.

Mankhwalaŵa safanana ndi a mutu amene amagwira ntchito pa ola limodzi. Pamapita masabata aŵiri, anai, mwina asanu ndi limodzi munthu asanamve kusintha, pamene nseru ndi kusoŵa tulo zimatha kuyamba masiku oyambirira. Wodwala amaona ngati anamizidwa, nkuleka. Wina amaleka atangopeza bwino, chonsecho afunika kupitiriza miyezi ingapo atachira kuti matenda asabwerere. Vuto limeneli lidaoneka muno mu Lilongwe. Mu 2017 ndi 2018, a Udedi, Dr. Kazione Kulisewa ndi ofufuza a ku yunivesite ya North Carolina adayesa njira yatsopano pa zipatala ziŵiri za mumzindawu. Anthu oyamba kumwa ma ARV ankafunsidwa mafunso ofufuzira matenda okhumudwa. Opezeka ndi matenda ocheperapo ankapatsidwa uphungu wa Friendship Bench, njira imene Dr. Dixon Chibanda adaiyambitsa ku Harare, ndipo odwala kwambiri ankapatsidwa mankhwala. Zotsatira zitasindikizidwa mu 2020, zidaonetsa kuti ochepa okha ndiwo adalandira thandizo lokwanira kufikira kumapeto. Kupeza wodwala kudatheka. Kumusunga pa thandizo ndiko kudavuta.

Pamenepa mwaona kuti thandizo limaduka poyambira ndi pakati, ndipo malo onse aŵiriŵa mphunzitsi ali pafupi. Mukaona mwana wasintha, lembani m'kope lanu zimene mwaona ndi masiku ake: kujomba, kutsika kwa malikisi, kukhala yekha nthaŵi yopuma. Muitaneni pamalo poonekera koma posamveka kwa anzake, ndipo mufunseni m'mene akugonera, m'mene akudyera, ndi chimene chikumulemera. Ngati mau ake akukhudza za imfa, mufunseni mosapita m'mbali ngati adaganizapo zodzipha. Aphunzitsi ambiri amaopa funsoli poganiza kuti limupatsa mwana nzeru yoipa, koma kafukufuku adaonetsa kuti kufunsa sikubzala maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha, ndipo musamulonjeze chinsinsi. Mphunzitsi wamkulu ndi makolo adziŵe tsiku lomwelo, mwanayo apite ku chipatala.

Makolo ndiwo mbali yovuta. A ku Mchesi kapena ku Kawale angaone ngati mukuŵaonjezera mtolo wina pamwamba pa njala. A ku Area 10 kapena ku Area 43 kaŵirikaŵiri amafunsa kuti mwana amene amabwera pa galimoto ndipo sasoŵa kanthu angakhumudwe ndi chiyani. Ena amaopa kuti anzao a ku ofesi ku City Centre amva kuti m'nyumba mwao muli misala. Manthaŵa ali ndi mbiri yake, pakuti kwa zaka zambiri matenda a maganizo ankatanthauza kukatsekeredwa ku Zomba kapena ku wodi ya ku Bwaila ku Old Town. Musatchule dzina la matenda, popeza simudamuyeze mwanayo, ndiponso kuchepa kwa magazi, malungo, njala, chamba kapena nkhanza za kunyumba zimatha kuoneka chimodzimodzi. Aonetseni kope lanu, ndi kuŵapempha kuti akamuonetse ku chipatala chapafupi, monga cha Area 18 kapena cha Kawale, kapena kwa a St John of God ku Area 43. Akati akamupempherera, musatsutse. Ingopemphani kuti kuchipatalako apitenso.

Mwana akayamba kulandira thandizo, mupatseni chilolezo pa tsiku lake la ku chipatala popanda kumufunsa pamaso pa anzake, ndipo ntchito imene adatsalira muigaŵe pang'onopang'ono. M'mwezi woyamba muyang'anitsitseni: akayamba kusakhazikika, kukwiya kodabwitsa kapena kulankhula za imfa, makolo ndi achipatala amve msanga. Makolo muŵakumbutse kuti mapiritsi asunge iwo, osati mwanayo, ndi kuti za kuleka kumwa akafunse amene adaŵalembera.