Mphunzitsi Amene Alinso Wophunzira

M'sukulu zambiri za kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti, kudzera ku Mua kufikira ku Mtakataka, mumapezeka aphunzitsi amene asenza akatundu awiri. Mmawa aimirira pamaso pa ana ndi choko m'manja. Dzuwa likapendeka iwo omwe akhala pansi natsegula mabuku awo, pakuti nawonso ali ndi mayeso akuwadikira. Ena akubwereza mayeso a MSCE kuti akonze magiredi, ena akufuna dipuloma kapena digiri. Tsono funso loyenera kuti wophunzira uphunzitsi aliganizire asanatuluke m'koleji ndi ili: kodi kuphunzira kotere kumakometsa ntchito ya m'kalasi, kapena kumaibera mphamvu?

Nkhaniyi si yachilendo m'Malawi. M'chaka cha 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College, sukulu yophunzitsa mwa makalata, imene mu 1987 inatchedwa Malawi College of Distance Education. Aphunzitsi ambiri a m'midzi anakwera kuchokera pa giredi ya T3 kufika pa T2 atadzera njira yonga imeneyi, akuwerenga pa nyali ya koloboyi ndi kutumiza mayankho awo papositi. Koma chiyeso chachikulu chinadza mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Ana analumpha kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma linalemba anthu zikwi zambiri osaphunzira uphunzitsi kuti akaime m'makalasi ndi pansi pa mitengo. Pofuna kuwasula anthuwa osatseka sukulu, mu 1997 panayamba dongosolo lotchedwa MIITEP. Wophunzira ankakhala miyezi 3 m'koleji, monga ya St Joseph's ku Bembeke, nabwerera kusukulu yake kukaphunzitsa miyezi 20 akuwerenga mabuku amene anapatsidwa, ndipo potsiriza ankapitanso kukoleji mwezi umodzi kukakonzekera mayeso. Mu 2010 panadzanso njira ya ODL, yofuna kupeza aphunzitsi a sukulu za kumidzi. Chotero dziko lino layesa kale, ndi anthu ochuluka, chinthu chimene mphunzitsi mmodzi amachiyesa payekha.

Ubwino wake ulipo ndithu, ndipo sufunika mawu ambiri. Munthu amene wawerenga usiku za njira yophunzitsira maphatikizo angathe kuiyesa mmawa mwake pa ana a Sitandade 1, naona ndi maso ake ngati ikugwira. Wa m'koleji amasunga nzeru yomweyo m'kope miyezi ingapo isanakumane ndi mwana weniweni. Palinso ubwino wina umene anthu sautchula kawirikawiri. Mphunzitsi amene wakhala zaka khumi osalembapo mayeso amaiwala kuwawa kwa kusamvetsa. Koma iye amene dzulo lomweli masamu anamukanika pa tebulo lake sachedwa kuzindikira nkhope ya mwana amene wasokonezeka, ndipo sathamangira kumunena kuti ndi mbuli.

Koma tsiku lili ndi maola ake owerengeka, ndipo buku la usiku liyenera kulanda nthawi kwina. Limalanda kuti? Silingalande pa maola oima m'kalasi, chifukwa kumeneko mphunzitsi wamkulu amaona. Limalanda pa ntchito zosaoneka: kulemba chikonzero cha phunziro, kukonza zipangizo, ndi kuchonga makope. Apa ndipo pagona vuto lenileni. Taganizani kalasi ya ana 100, monga zilili m'sukulu zambiri za kumidzi. Kope lililonse litapatsidwa mphindi imodzi yokha, ndiye kuti yapita ola limodzi ndi mphindi 40 pa phunziro limodzi. Mphunzitsi amene mtima uli pa mayeso ake amayamba kungoika chizindikiro chofiira pansi pa tsamba osawerenga. Mwana amene analemba "mbvula" m'malo mwa "mvula", kapena amene sasiyanitsa "kupala" ndi "kuphala", abwerera kunyumba akuyesa kuti wakhoza. Palibe amene adzadandaule sabata imeneyo, ngakhale mwezi umenewo. Cholakwacho chidzaonekera patatha zaka, mwanayo ali m'manja mwa mphunzitsi wina.

Dera la kunyanja lionjezera zake. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa m'chigwa kumafooketsa thupi, kotero kuti munthu akaweruka kusukulu mutu umakhala wolemera. Nthawi yabwino yowerenga imatsala ya usiku kapena m'bandakucha, ndipo tulo timene wataya amadzatilipira m'kalasi. Mvula ikagwa, udzudzu uchuluka ndipo malungo sasankha wophunzira kapena wophunzitsa. Nthawi yomweyo munda ufuna khasu, pakuti ndi aphunzitsi ochepa amene amakhalira malipiro okha. Wina ali ndi chimanga, wina kachigawo ka mpunga cha ku Bwanje. Ndiye amene anali ndi akatundu awiri apezeka ali ndi atatu. Choipa china n'chakuti mayeso a MSCE amagwa chakumapeto kwa chaka cha sukulu, pamene ana nawonso ali m'nyengo ya mayeso awo. Mphunzitsi afuna kuchoka pa nthawi imene ana amufuna koposa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Nanga n'chifukwa chiyani ena amatuluka m'maphunziro otere ali aphunzitsi okhwima, pamene ena amatuluka ndi satifiketi yokha? Zinthu ziwiri zioneka kuti ndizo zilekanitsa.

Choyamba ndi mtundu wa maphunzirowo. Pali maphunziro amene amadyetsa ntchito, ndi ena amene ali mlatho wochokerapo pa ntchito. Wophunzira za kaphunzitsidwe ka chinenero, kapena wozamitsa Chichewa chake ndi masamu, ola lililonse limene awerenga limabwerera kwa ana. Koma amene akuwerenga kuti akalowe ntchito ya mu ofesi mumzinda, kalasi imasanduka chomuchedwetsa. Munthuyo sayenera kunyozedwa, pakuti malipiro a mphunzitsi ndi ochepa ndipo kufuna kukwera si tchimo. Komabe chilungamo ndi chakuti ana ndiwo amalipira mtengo wa ulendo wake. Ngakhale maphunziro a uphunzitsi omwe angathe kuchotsa munthu: kuyambira mu 2000 Domasi College of Education inayamba kuphunzitsa dipuloma ya patali kwa aphunzitsi a pulayimale amene anatengedwa kukaphunzitsa m'masekondale oyendera. Sekondale zinapindula, koma pulayimale zinataya ena mwa anthu ake ochangamuka.

Chachiwiri, chimene chiposa choyambacho, ndi kuyang'aniridwa. Dongosolo la MIITEP linalembedwa bwino papepala. Mphunzitsi wamkulu ankayenera kuonerera maphunziro a wophunzirayo ndi kumulangiza, mlangizi wa maphunziro wa m'dera ankayenera kumuyendera ndi kuchititsa misonkhano, ndipo aphunzitsi a kukoleji ankayeneranso kufika. Kafukufuku wa Demis Kunje, Keith Lewin ndi Janet Stuart, wosindikizidwa mu 2003, anapeza kuti chithandizo chimenechi chinali choperewera: maulendo ambiri sanachitike, ndipo m'sukulu zambiri aphunzitsi osulidwa anali ochepa, osakwanira kulera anzawo. Amene adziwa msewu wa Khwekhwerere, wotsika mokhotakhota kuchokera kumtunda kufika ku Golomoti, ndi tinjira ta matope tolowera kunyanja m'dzinja, sadabwa nazo. Wophunzira wosiyidwa yekha amachita zinthu ziwiri zosakumana: usiku aloweza njira zatsopano kuti akakhoze mayeso, mmawa aphunzitsa monga anaphunzitsidwira iye ali mwana, ana akubwereza mawu m'chigulugulu. Buku ndi kalasi zimangokhala moyandikana ngati anthu odana okhala mudzi umodzi.

Pamene mphunzitsi wamkulu achita mbali yake, zinthu zimasintha ngakhale wa kukoleji asafike. Iye angathe kupewa kupatsa wolemba mayeso kalasi ya Sitandade 8 chaka chimenecho, kapena ya Sitandade 1, imene ifuna mphamvu zonse za munthu. Angathe kupempha makope asanu pa sabata, osasankha, naona ngati achongedwa moona. Angathenso kufunsa wophunzirayo kuti Lachisanu aonetse anzake njira imodzi imene waiwerenga. Zimenezi sizifuna galimoto kapena mafuta. Ndipo wophunzira uphunzitsi amene adzatumizidwe kusukulu za ku Mtakataka kapena ku Golomoti, akafuna kulembetsa maphunziro ena, achita bwino kuyamba waphunzitsa chaka chathunthu, kuti zikonzero zake za maphunziro zikhale zolembedwa kale, ndi kukauza mphunzitsi wamkulu masiku a mayeso ake teremu isanayambe.