Opaleshoni yachiwiri si njira yoyamba pa vuto la chakudya chothamangira m'matumbo

MANGOCHI – Anthu ena amene adachitidwa opaleshoni ya chifu kaamba ka zilonda kapena khansa amadabwa kuti akangodya, mtima umagunda mothamanga, amatuluka thukuta, amachita chizungulire ndipo nthawi zina amatsegula m'mimba. Vutoli madotolo amalitcha dumping syndrome.

Kumapeto kwa chifu kuli mnofu umene umagwira ntchito ngati chitseko, kulola chakudya kulowa m'matumbo pang'onopang'ono. Mnofuwu ukachotsedwa kapena kulambalalidwa pa opaleshoni, chakudya chimakhuthukira m'matumbo nthawi imodzi. Zizindikiro zimayamba pakatha mphindi 10 mpaka 30 munthu atadya. Kwa ena zimadza pakatha ola limodzi mpaka maola atatu, pamene shuga watsika m'magazi.

Chithandizo choyamba ndi kusintha kadyedwe. Wodwala adzidya pang'ono koma kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndipo madzi adzimwa patatha mphindi 30 atadya. Apewe tiyi wa shuga wambiri, thobwa lotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo. Nsima ya mgaiwa, ndiwo zamasamba, mazira ndi nsomba monga usipa, utaka kapena chambo, zomwe zimapezeka kuno kunyanja, n'zothandiza. Asilamu amene ali ndi vutoli akambirane ndi dotolo mwezi wa Ramadan usanafike, chifukwa kumasula swaumu ndi chakudya chambiri chotsekemera kumadzutsa zizindikiro.

Odwala ambiri amapeza bwino pakapita miyezi. Zikakanika, pali mankhwala monga acarbose ndi octreotide.

Opaleshoni yachiwiri imaganiziridwa pokhapokha zonsezi zalephera. Madotolo atha kulumikizanso chifu ndi matumbo mwa njira ya Roux-en-Y, yomwe idatenga dzina la dotolo wa ku Switzerland, César Roux, kapena kutembenuza kachigawo ka thumbo ka masentimita pafupifupi 10 kuti chakudya chiziyenda mochedwa. Komabe, opaleshoniyi ili ndi zoopsa zake ndipo sithandiza aliyense.

Wodwala ayambire pa chipatala cha boma cha Mangochi kapena cha Monkey Bay, atanyamula kabuku kake ka kuchipatala kosonyeza opaleshoni yoyamba ija. Pakafunika akatswiri, amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Wodwala amene akuonda kwambiri kapena kukomoka akatha kudya asazengereze kupita kuchipatala.