Loboti Yothandiza Mabanja Osowa Mwana

Kuno ku Canongola, banja likatha zaka ziwiri lopanda mwana, anthu amayamba kunong'onezana. Kawirikawiri cala cimaloza mkazi. Koma madokotala amati pafupifupi theka la mabanja otere, vuto limakhalaponso kwa mwamuna. Ndipo vutoli si lacilendo ayi. Mu 2023, bungwe la zaumoyo padziko lonse la OMS linanena kuti munthu wamkulu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana nalo pa moyo wake.

Mimba imayamba bwanji?

Thupi lathu linapangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono tamoyo. Dzina lake ndi maselo. Dzira la mkazi ndi selo imodzi, yocepa kuposa kadontho ka colembera. Mbewu ya mwamuna nayonso ndi selo, koma ndi yocepetsetsa. Ili ndi mutu ndi mcira, ndipo imasambira ngati mbululu. Mbewu imodzi ikalowa m'dzira, mimba imayamba.

Amuna ena mbewu zawo ndi zocepa, kapena ndi zofooka moti sizifika padzira.

Singano yagalasi

Mu 1992, madokotala a ku Brussels, m'dziko la Belgium, anapeza njira. Amatenga dzira la mkazi n'kuliika m'kambale. Akuyang'ana pa makina okuza zinthu, amatola mbewu imodzi yokha ndi singano yagalasi yoonda kuposa tsitsi. Kenako amabaya dziralo n'kusiya mbewuyo m'kati. Pakapita masiku ocepa, dzira likayamba kukula, amaliika m'ciberekero ca mayi.

Nchito imeneyi si yamasewera. Dzanja likangonjenjemera pang'ono, basi dzira lawonongeka. Munthu amatopa, ndipo odziwa nchitoyi ndi owerengeka.

Apa ndi pomwe palowa loboti

Loboti ndi makina ogwira nchito molamulidwa ndi kompyuta. Iyo sitopa, ndipo sinjenjemera.

Mu 2025 kunamveka nkhani ya mwana wamwamuna wa ku Guadalajara, m'dziko la Mexico. Mayi ake anali ndi zaka 40. Loboti ya kampani ya Conceivable Life Sciences ndiyo inagwira nchito yonse yobaya, m'magawo 23. Inasankha mbewu yabwino, inaumitsa mcira wake ndi kuwala kwamphamvu kuti isathawe, inaitola n'kuibaya m'dzira. Ena mwa akatswiri oyang'anira anali ku New York, mtunda wa makilomita 3,700, akulamula pa kompyuta. Pa mazira 5 amene lobotiyo inabaya, 4 anagwira.

Komabe loboti ikadali kuphunzira. Inkatha pafupifupi mphindi 10 pa dzira limodzi, pomwe katswiri amafulumira kuposa pamenepo. Cithandizoci ndi codulanso kwambiri. Ciyembekezo ca opanga makinawa n'cakuti mtengo udzatsika, ndiponso katswiri mmodzi adzatha kuthandiza zipatala zakutali.

Nanga ife lero titani?

Si banja lililonse lofunika loboti. Matenda opatsirana pogonana, monga cinzonono, akapanda kucizidwa amatha kutseka njira za mazira kapena za mbewu. Matendawa amacizika mukafulumira kukalandira mankhwala, nonse awiri.

Ngati caka catha mukuyesa koma mimba osabwera, musathamangire kuthetsa banja. Pitani limodzi kucipatala capafupi kapena ku Hospital Provincial de Tete, mukafunse za kupimidwa. Abambo, musatsale kunyumba. Mbewu yanu nayonso iyenera kupimidwa.