Matenda a injini ali m'kati

Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, matemba sadikira munthu. Galimoto yakale yonyamula nsomba kupita ku Zomba ikafa, banja limagona ndi njala.

Ambirife poidzutsa timathamangira penti, koma makaniko wodziwa ntchito amayamba wafunsa za zizindikiro. Utsi wabuluu umaonetsa kuti maring'i atha ndipo oilo akupsa. Oilo akasanduka ngati tiyi wamkaka, madzi alowamo: gasiketi yapsa kapena hedi yang'aluka. Kugogoda kwa pansi ndi mabeling'i otha.

Akamasula injini, amafufuza tizitsulo tonyezimira mu oilo. Amayendetsa chikhadabo m'silinda. Chikakodwa, ndiye kuti khoma lapalika. Dzimbiri la m'njira za madzi limaulula ife tomwe. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ndi amchere, komabe timawathira mu rediyeta.

Abale, kuika maring'i atsopano m'silinda yokumbika n'kutaya ndalama ya fizi ya ana. Timulole makaniko atsegule, ayeze, atiuze zoona ngakhale zikhale zowawa. Chilonda cha m'kati sichipola ndi penti.