Ubweya wa nkhosa kapena fleece: jekete lapakati la mlenje wa uta

Ku Wisconsin, m'dziko la America, alenje a uta amaloledwa kulowa m'nkhalango pakati pa Seputembala, pomwe anzawo a ku Iowa ndi ku Michigan amadikira mpaka pa 1 Okutobala. Nyama imene ambiri amaifuna ndi gwape wa whitetail, ndipo masiku amene aliyense amawawerengera ndi a kumayambiriro kwa Novembala, pamene agwape aamuna amataya nzeru pofunafuna aakazi n'kumayendayenda ngakhale dzuwa lili pamutu. Nthawi imeneyo chisanu chenicheni cha kumeneko chimakhala chisanagwe. M'mamawa kumatha kuzizira mpaka madigiri 0, masana n'kukwera kufika 12 kapena 15. Kuzizira kotereku n'kovuta kukuvalira. Kwa mu Januwale munthu amangodziunjikira zonse zimene ali nazo, koma kwa mu Okutobala ukavala zambiri umatuluka thukuta, ukavala zochepa umakongwa.

Alenjewa amavala mosanjikiza katatu. Pakhungu pamakhala kamalaya kopyapyala kochotsa thukuta, pamwamba penipeni chovala chotchinga mvula ndi mphepo, ndipo pakati pamakhala jekete losunga kutentha kwa thupi. Masiku ambiri a nyengoyi chapamwambacho chimatsala m'chikwama, choncho jekete lapakati ndi limene limakumana ndi mphepo, minga ndi makutu a nyama. Pa jekete limeneli alenje anagawanika pawiri: ena amati ubweya wa nkhosa, makamaka wa merino, ena amati fleece.

Wamfuti mkanganowu sumukhudza kwambiri, poti amatha kuwombera nyama ili pa mamita 200, iye atafunda chilichonse. Wauta ayenera kuilola kuti ifike pa mamita 20 kapena 30. Ikafika, akoke nsinga. Mauta amakono, a timawilo kumapeto aja, amene Holless Wilbur Allen wa ku Missouri anapatsidwa umwini wake mu 1969, alenje ambiri amawakunga kuti azifuna mphamvu ya makilogalamu 27 mpaka 32 pokoka. Phewa, nsana ndi chigongono zonse zimayenda, nsalu ikukhudzana ndi nsalu inzake, nyama ili pomwepo. Ndipo munthu amene wakhala chikhalire m'chisanu kuyambira m'bandakucha amatha kulephera kukoka uta womwewo umene amaukoka mosavuta kuseri kwa nyumba yake.

Nkhosa za merino kwawo ndi ku Spain, kumene kwa zaka zambiri kuzitulutsa m'dzikomo unali mlandu waukulu. Zinafika ku Cape, ku South Africa, mu 1789, ndipo mbewu yomweyo ndi imene inakwera sitima kupita ku Australia mu 1797. Lero Australia ndiye akutsogola pa ubweya umenewu. Ulusi wake ndi wopyapyala kangapo kuposa tsitsi la munthu, n'chifukwa chake suyabwa pakhungu. Agogo a alenje a lero sankaudziwa merino m'tchire. Iwo ankavala majekete a ubweya wokhakhala, wolemera, a mabokosi ofiira ndi akuda, osokedwa ndi makampani a Woolrich ku Pennsylvania kapena Filson ku Seattle. Merino walowa posachedwapa, makampani ngati First Lite ya ku Idaho atayamba kumudinda mawanga obisalira.

Fleece ndi mwana wa dzulodzuloli. Inapangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi fakitale ya Malden Mills ku Massachusetts mogwirizana ndi kampani ya Patagonia. Ndi ulusi wa poliyesita wolukidwa kenaka n'kupesedwa kuti ufufume. Mu 1993 Patagonia inayamba kuipanga kuchokera ku mabotolo apulasitiki otha ntchito. Manambala a 100, 200 ndi 300 amene amalembedwa pa majekete a fleece ya Polartec amanena kulemera kwa nsaluyo, ndipo pa kuzizira kwa mu Okutobala ambiri amasankha ya 200. Nsalu imeneyi ife sitiifunsa, timaitola pa kaunjika mwezi wa Juni uliwonse.

Pa kusachita phokoso, zonse ziwiri zimaposa nayiloni kutalitali. Ubweya ndiwo uli zii kwambiri, ndipo sumasintha kaya kwazizira bwanji. Fleece yopanda china chilichonse nayonso ilibe mtswatswa. Vuto limabwera ndi mphepo. Fleece ili ndi timipata tambiri, mphepo imangodutsa, ndiye opanga amamata kansalu kopyapyala kotchinga mphepo m'kati mwake, monga Windstopper ya kampani ya Gore. Kansalu kameneka kakazizidwa kamauma n'kumalira pang'ono munthu akatambasula mkono. M'sitolo simungakumve kulirako chifukwa muli wailesi ndi anthu, komanso mukutentha. Kumadzamveka m'nkhalango m'mawa wopanda kamphepo, pamene tsamba limodzi likagwa umatembenuka. Majekete okwera mtengo anachepetsa vutoli pokutira kansaluko ndi fleece yokhuthala, koma otchipa ambiri akadali nalo. Chinanso, fleece yofufuma kwambiri imakodwa pa khungwa la mtengo umene mlenje watsamira, ndiye akamadzuka pamamveka kung'ambika kwa timaulusi. Ubweya wothinana umangotsetsereka.

Komatu tisaupatse ubweya ulemu wosayenera. Juzi ya merino yolukidwa nayonso imalowa mphepo, mwina kuposa fleece. Umene umalimbana ndi mphepo ndi ubweya wothinana wa majekete akale aja, ndipo umenewo ndi wolemera zedi. Apa mpamene fleece imapambana mosakayikitsa. Chimene chimafunditsa munthu si ulusi weniweniwo koma mpweya umene watsekeredwa pakati pa ulusi, ndipo pa kulemera kofanana fleece imasunga mpweya wambiri kuposa merino. Kuti jekete la merino lifundire mofanana ndi la fleece, liyenera kulemera kwambiri, ndipo mtengo wake umakhala wowirikiza.

Pa chinyezi mpamene anthu amalankhula kwambiri, ndipo mpamenenso amasokoneza zinthu. Ulusi wa ubweya umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse a kulemera kwake, ukaukhudza osamveka kunyowa. Poliyesita samwa ngakhale gawo limodzi pa 100. Okonda ubweya amatenga nambala zimenezi ngati umboni woti apambana, okonda fleece nawonso chimodzimodzi, ndipo onse akunena zoona, kungoti akunena za masiku osiyana. Tsiku la nkhungu kapena mvula yowaza, ubweya umamwa chinyezicho pang'onopang'ono, ndipo pomwa umatulutsa kutentha pang'ono, moti munthu sadzidzimuka ndi kuzizira. Thukuta lochepa la poyenda umalisunganso osakuzizira kumsana. Koma ukanyowa n'kukhuta madzi, nkhani yoti ubweya umafunda ngakhale utanyowa imathera pomwepo. Umalemera, umalendewera, ndipo ukhoza kugona usiku wonse mu tenti osauma. Fleece ikanyowa umaifinya, kuikutumula, kuivalanso, ndipo kutentha kwa thupi kumaimalizitsa kuuma. Wogwa mumtsinje angakonde atavala fleece. Wokhala m'nkhungu tsiku lonse angakonde ubweya.

Tibwere ku fungo, kumene amalonda amadyerapo kwambiri. Mphuno ya gwape ndi yakuthwa kuposa maso ake ndi makutu ake, ndipo n'zoona kuti poliyesita amanunkha msanga. Mafuta a m'thupi amakakamira pa ulusi wake, ndipo akatswiri a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium anapeza mu 2014 kuti tizilombo tina toyambitsa fungo, totchedwa Micrococcus, timaswana bwino pa poliyesita kusiyana ndi pa thonje. Ubweya umagwira fungo m'kati mwa ulusi mpaka tsiku lochapa, moti munthu amatha kuuvala masiku angapo osadzinyansa. Zonsezi sindikutsutsa. Chimene ndimakana ndi kuganiza kuti jekete likhoza kupusitsa gwape. Munthu amapuma, ali ndi tsitsi, ali ndi nsapato, ndipo ngati mphepo ikuchoka kwa iye kupita kwa nyama, nyamayo yapita, kaya wavala ubweya wa ndalama zingati. Alenje akale ankangoyang'ana kumene mphepo ikulowera, ndipo a lero odziwa ntchito amachitabe zomwezo, ndi kabotolo ka ufa woyera m'thumba. Amene amapindula kwenikweni ndi kusanunkha kwa merino ndi anzake a mlenjeyo ogona nawo tenti imodzi. Pa jekete lapakati, limene silikhudza khungu, phinduli limachepanso.

Pali tinthu tina timene sitilembedwa pa chikwangwani cha m'sitolo. Aliyense amene anadutsapo m'munda wa chisoso atavala juzi akudziwa chimene chimachitikira fleece m'tchire la ku America, kumene kuli abale ake a chisoso ndi zomera zina za njere zomata. Jekete limatuluka litadzaza, ndipo kuzitola ndi ntchito ya madzulo onse. Ubweya wolukidwa umatolanso, koma wothinana umatola pang'ono. Pamoto, kakhala kamodzi kothetheka kamaboola fleece nthawi yomweyo, chifukwa poliyesita amasungunuka pa madigiri pafupifupi 250, pomwe ubweya umangowauka pang'ono n'kuzima wokha. Ubweyanso uli ndi adani ake. Njenjete zimaudya uli m'bokosi kudikira chaka chamawa, madzi otentha amaufupikitsa, ndipo merino wopyapyala amabooka m'zigongono ndi m'mapewa mmene mumadutsa zingwe za chikwama. N'chifukwa chake opanga ambiri tsopano amamusakaniza ndi nayiloni pang'ono. Fleece umaichapa mmene ungafunire, ngakhale kuti kuchapa kulikonse imataya timaulusi ta pulasitiki timene timathera m'mitsinje. Pa zonse ziwiri alenje amapewa sopo wonunkhira ndi wowalitsa zovala, poti maso a gwape amaona bwino mtundu wa buluu umene sopo wotere amasiya pa nsalu.

Ndiye tisankhe chiyani? Ine ndimayamba ndafunsa kuti mlenjeyo amasaka chokhala kapena choyenda, chifukwa amenewa ndi anthu awiri osiyana ngakhale onse anyamula uta.

Wosaka chokhala ndi uja wa ku Iowa kapena ku Wisconsin. Amasiya galimoto kukadali mdima, n'kuyenda pang'ono, n'kukwera pa kansanja komangirira pa mtengo, mamita 5 kapena 6 kuchokera pansi. Pamenepo amakhala maola ambiri osasuntha, thupi silikupanga kutentha, ndipo m'mwambamo mphepo imawomba kuposa pansi. Madzulo amabwerera kunyumba kumene kuli makina ochapira. Munthu ameneyu kusanunkha kwa merino sikumuthandiza kwenikweni, ndipo kuuma msanga kwa fleece sakukufunanso kwambiri. Chimene akufuna ndi kufunda ndi kutchinga mphepo popanda phokoso. Kwa iye ndingasankhe fleece yokhuthala yotchinga mphepo, bola ayiyese kaye kunja m'mawa wozizira, kapena ngati kulemera sikumuvuta, jekete la ubweya wothinana la kachitidwe kakale. Juzi ya merino yokha pa nsanja imamusiya akunjenjemera dzuwa lisanakwere.

Wosaka choyenda ndi uja wotsata nyama zazikulu za elk m'mapiri a Colorado, Idaho kapena Montana mu Seputembala. Amakwera phiri ndi katundu kumsana, amatuluka thukuta, n'kuima mwadzidzidzi kuti amvetsere, kenaka n'kuyambanso kuwenda. Amagona m'tchire sabata yathunthu ndi zovala zomwezo. Apa merino ali ndi mawu, makamaka pakhungu. Komabe ngakhale kumapiriko ambiri amavala merino m'kati, pamwamba pake n'kuika fleece yopepuka ya timabokosi m'kati mwake, imene imatulutsa thukuta msanga ndipo silemera m'chikwama. Ndikaika zonse pa sikelo, pa jekete lapakati fleece imandikoka kwambiri, ndipo ubweya ndimausiyira malo oyandikira khungu, kumene ubwino wake umamveka. Amene amasaka kumadera a chinyezi chosatha, kapena amene amakonda kuotha moto wa nkhuni madzulo, ali ndi chifukwa chomveka chonditsutsa.

Nsalu ikasankhidwa, kasokedwe kakhoza kuwononga zonse. Nsinga ya uta imadutsa pafupi kwambiri ndi mkono wogwira uta komanso pachifuwa. Mkono wa jekete ukakhala wotakasuka, nsinga imaumenya, muvi n'kupatuka, nyama n'kuvulala m'malo mofa msanga. Pa mfundo imeneyi majekete akale a ubweya amagonja, chifukwa anasokedwera anthu odula mitengo ndi amfuti, manja ake ndi aakulu. Alenje ena amawamanga ndi chikopa chotchinjiriza mkono, ena amangodula sokosi yakale n'kuiveka pamwamba. Kolala yaitali, chingwe cha chipewa ndi mutu wa zipi wolendewera pansi pa chibwano zimakolanso nsinga, moti kampani ya Sitka inasoka jekete lina zipi yake yoyenda chopingasa kuti ichoke panjira. Zomatira za Velcro sizifunika n'komwe pa chovala cha wauta. Ena amathawa mavuto onsewa povala lopanda manja, chifuwa ndi nsana zikufunda, mikono ili yomasuka.

Ndipo kaya ndi la ubweya kaya la fleece, alenje ozolowera salivala pochoka pa galimoto. Amalimangirira pa chikwama, n'kuyenda atavala kamalaya kam'kati kokha, akumva kuzizira, kuti asafike pa mtengo atanyowa ndi thukuta. Amadzalivala atakwera kale pa nsanja, thupi litapuma, kenaka n'kukoka uta kamodzi mumdima momwemo kuti amve ngati pali chimene chikukola nsinga.