Ganyu wa Mfuti: Nkhani ya Achikunda ndi Amakololo

Ganyu mumamudziwa bwino. Mumapalira munda wa munthu wina, iye n'kukupatsani ndalama kapena chimanga, basi mwathana. Mawa mukhoza kukagwira kwa wina. Koma palinso ganyu wa nkhondo. Msilikali waganyu samenyera mfumu yake kapena dziko lake. Amamenyera amene wamulipira. Kuno ku Zambezia anthu otere analipo ambirimbiri, ndipo nkhondo zawo zinathandiza kuti malire a pa Milange akhale pamene alipa.

Akapolo onyamula mfuti

Tiyambire kutali pang'ono. Kuyambira zaka za m'ma 1600, mfumu ya ku Portugal inkagawira anthu ake malo akuluakulu m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Malo otere ankatchedwa prazo. Ena anali ku Tete, ena ku Sena, ena kufupi ndi Quelimane. Mwini prazo sankagwira khasu. Ankadya msonkho wa anthu a m'midzi: mapira, nkhuku, nsalu ndi minyanga. Njovu ikaphedwa, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mwini malo. M'mabuku awo Apwitikizi ankalemba kuti mussoco. Tawerengani mawuwo mokweza. Ndi msonkho wathu womwewu, anangoupinda lilime.

Nanga msonkhowo ankautolera ndani? Palibe munthu amapereka nkhokwe yake akusekerera. Choncho mwini prazo ankasunga gulu lake la nkhondo. Asilikaliwo ndiwo Achikunda.

Achikunda anali akapolo. Ena anachita kugulidwa, ena anagwidwa pa nkhondo. Enanso ankadzipereka okha njala ikavuta. Munthu ankapita kwa mwini prazo n'kuswa dala kanthu kake, ndiye kuti wadzigulitsa. Anachokera m'mitundu yambiri: Amang'anja, Achewa, Asena, Ansenga, Atonga ndi ena. Pokhala limodzi anayamba kukhala ngati mtundu watsopano. Anali ndi mphini zawo kumaso, ankasema mano, ndipo ankavala nsalu pamene anthu wamba ambiri ankavala nyanda ndi zikopa.

Musawaone ngati akapolo osauka ayi. Anali ndi maudindo awo. Kagulu kakang'ono kankatchedwa nsaka, ndipo mkulu wake anali tsachikunda. Pamwamba pa onse panali mukazambo. Mukazambo anali bwana ndithu. Anali ndi akazi, chuma, ngakhale akapolo akeake, ndipo mafumu a m'midzi ankamuopa.

Pali chinthu chimodzi choti mugwire apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mwamuna Wachikunda ankanyoza khasu. Kwa iye kulima inali ntchito ya akazi ndi anthu wamba. Ntchito ya mwamuna inali mfuti, kusaka njovu ndi kupalasa bwato. Ndiye taganizani. Munthu wotere akasiya mbuye wake, adya chiyani?

Pamene anachoka

Zinthu zinasokonekera zaka za m'ma 1820 ndi 1830. Kunagwa chilala cha zaka zingapo, dzombe n'kubweranso. Pa nthawi yomweyo zombo za ku Brazil zinkafika ku Quelimane kudzagula akapolo. Eni maprazo ena anachita dyera. Anayamba kugulitsa anthu a m'midzi yawo yomwe, ena mpaka kugulitsa asilikali awo. Kenako kunabwera magulu a nkhondo ochokera kummwera. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo ankhondo a ku Gaza anayamba kutolera msonkho ku Sena. Maprazo ambiri anatha.

Achikunda zikwizikwi anachoka, mfuti zili m'manja. Ena anakakhala alenje a njovu ku Zumbo ndi m'chigwa cha Luangwa. Ena anakhala opalasa mabwato ndi onyamula katundu wa amalonda. Koma ambiri anafunafuna mbuye watsopano wowapatsa onga, nsalu ndi gawo la zofunkha. Anthu amene ankatha kusonkhanitsa asilikali otere anakhala ngati mafumu. Mmodzi anali José do Rosário Andrade, amene anthu ankamutcha Kanyemba, kufupi ndi Zumbo. Wina anali Bonga wa ku Massangano, amene anagonjetsa magulu a nkhondo a boma la Apwitikizi kangapo zaka za m'ma 1860. Winanso anali Manuel António de Sousa, wotchedwa Gouveia, wa ku Gorongosa. Aliyense ankamanga mpanda waukulu wa mitengo. Apwitikizi ankati aringa. Ife timati linga.

Asilikali opanda mbuye ku Maganja da Costa

Nkhani yodabwitsa kwambiri inachitika m'chigawo chathu chomwechino, kunyanja ya mchere, kumpoto kwa Quelimane. Kumeneko kunali mwini prazo dzina lake João Bonifácio Alves da Silva. Anali ndi linga lalikulu ndi asilikali ambiri. Mu 1861 anawatenga kukathira nkhondo mzinda wa Angoche. Mzindawo anaulanda, koma iye anafera pa nkhondo yomweyo.

Asilikali ake anabwerera kwawo opanda mbuye. Mungaganize kuti anabalalika. Ayi ndithu. Anakhalabe mu linga lija n'kuyamba kudzilamulira okha. Gulu lililonse linali ndi mkulu wake wotchedwa kazembe, ndipo pamwamba pa akazembe panali kapitawo wamkulu amene ankachita kumusankha. Nkhani zikuluzikulu ankakambirana pa msonkhano. Kapolo wothawa kwina akafika ankalandiridwa. Wolemba mbiri wina, José Capela, analemba buku lonse la anthu amenewa, ndipo anawatcha boma la asilikali la ku Maganja da Costa. Linakhalapo kuyambira 1862 mpaka 1898.

Kumva choncho, nkhaniyi ikukoma: akapolo adzimasula okha. N'zoona, ndipo si chinthu chaching'ono. Koma khasu sanaligwirebe. Midzi yowazungulira inkawapatsa msonkho, ndipo ankapita kukafunkha kwa anthu ena. Nthawi zina ankamenyera nkhondo boma la Apwitikizi kuti apeze zofunkha. Boma lomwelo litapeza mphamvu, linatuma João de Azevedo Coutinho, amene analanda linga lawo mu 1898. Dzina la Coutinho mulisunge, tikumana nalonso.

Matekenya pa Shire

Tsopano tiyandikire kwathu. Mukachoka ku Milange kulowera kummwera, mumafika ku Morrumbala, kufupi ndi mtsinje wa Shire. Zaka za m'ma 1850 dera limeneli linkanjenjemera ndi munthu wina dzina lake Paulo Mariano, amene anthu ankamutcha Matekenya. Anasonkhanitsa Achikunda n'kumanga linga pa Shamo, kufupi ndi pamene Shire amathira mu Zambezi. Ntchito yake inali kugwira anthu ndi kuwagulitsa.

Mu 1858 boma la ku Quelimane linamenyana ndi anthu ake, ndipo iye anakhalako m'ndende. Atatuluka anakamanga linga lina cha ku phiri la Morrumbala n'kuyambiranso kusakaza midzi ya Amang'anja. Kenako chilala cha 1862 chinagwa pa anthu amene anali atathawa kale minda yawo. David Livingstone, pokwera Shire kumayambiriro kwa 1863, ankaona mitembo ikuyandama pa madzi. Matekenya anamwalira chaka chomwecho, koma akapitawo ake anapitiriza kulamulira dera limene linkatchedwa Massingire, kuyambira ku Morrumbala kukafika cha ku mtsinje wa Ruo.

Onyamula katundu asanduka mafumu

Kutsidya la kumpoto kwa Ruo kunadzuka gulu lina la mfuti. Awa sanachokere m'maprazo. Anali Amakololo, ochokera kumtunda kwa Zambezi, kumene lero ndi kumadzulo kwa Zambia. Mfumu yawo Sekeletu inabwereka Livingstone anthu oposa 100, amene anafika naye ku Tete mu 1856. Mu 1860 anaperekeza ena kwawo, n'kubwera ndi kagulu kena kochepa, kosakwana anthu 20. Ambiri mwa iwo sanali Amakololo enieni, anali a mitundu imene Amakololo anaigonjetsa, koma dzinalo linawamatirira.

Anthu amenewa anasiya ntchito ya Livingstone n'kukhazikika kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa. Kwawo sanabwerere. Anali ndi mfuti pa nthawi imene Amang'anja anali atafooka ndi njala ndi nkhondo. Anthu othawa ogwira akapolo anayamba kubisala kwa iwo. Posakhalitsa anagonjetsa mafumu a Amang'anja, kuphatikizapo Lundu, n'kugawana chigwa cha Shire. Mayina awo ndi Kasisi, amene ankatchedwanso Ramakukan, Chipatula, Mlauri, Katunga ndi Maseya. Mpaka lero m'boma la Chikwawa muli mafumu otchedwa Kasisi, Katunga ndi Maseya.

Kunena chilungamo, Amakololo anatchinjiriza anthu ambiri kuti asagulitsidwe. Koma ulamuliro wawo unali wowawa. Ankatenga akazi ndi zokolola, ndipo zilango zawo zinali zankhanza. Munthu wa m'mudzi analibe zambiri zoti asankhe. Kummwera kwa Ruo ankalipira anthu a Massingire, kumpoto ankalipira Amakololo.

Mbendera ziwiri

Magulu awiriwa ankalimbirana Shire, chifukwa minyanga ndi katundu yense ankadutsa pamenepo. Aliyense anafuna mzungu womuima kumbuyo. Amakololo ankadzitcha anthu a Angelezi, ndipo ankagulitsa minyanga kwa amalonda a ku Scotland amene anafika ku Blantyre. Akapitawo a ku Massingire, poopa Amakololo, analandira mbendera ya Apwitikizi.

Ubale wotere sukhalitsa. Mu 1884 mzungu wina wamalonda, George Fenwick, anawombera Chipatula atakangana, ndipo anthu a Chipatula anamupha nayenso. Chaka chomwecho anthu a ku Massingire anaukira Apwitikizi, amene anali atayamba kuwalamula ndi kufuna msonkho. Anawononga kampu ya asilikali, n'kutsika mpaka ku Mopeia kumene anathira nkhondo kampani yolima opiyamu. Nanga anawagonjetsa ndani? Boma linadalira asilikali akuda a eni maprazo, monga a Gouveia uja. Ana a Achikunda anatumidwa kukathyola ana a Achikunda anzawo.

Mu 1889 Portugal inatuma Serpa Pinto kukwera Shire ndi gulu lalikulu, ndipo ambiri mwa onyamula mfuti ake anali anthu akuda a m'chigwa cha Zambezi. John Buchanan, amene ankaimira Britain ku Blantyre, analengeza kuti dziko la Amakololo lili m'manja mwa Angelezi. Mu Novembala 1889 ankhondo a Mlauri anaukira msasa wa Serpa Pinto, ena atanyamula mbendera za Angelezi, ndipo ambiri anaphedwa. Coutinho uja, amene nthawiyo anali wachinyamata, anapitirira n'kulanda Chiromo mpaka kukafika kwa Katunga.

Nkhani itafika ku London, boma la Lord Salisbury linakwiya. Pa 11 Januwale 1890 linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake m'dziko la Amakololo. Portugal inagonja, ndipo ku Lisbon anthu anachita zionetsero m'misewu chifukwa cha manyazi. Pa 11 Juni 1891 mayiko awiriwa anasaina pangano. Malire anatsata mtsinje wa Ruo, kumene Amakololo ndi Massingire ankalekezerana kale, n'kukwera ndi mtsinje wa Muloza. Phiri la Mulanje linapita kwa Angelezi, phiri la Tumbine kwa Apwitikizi. Amang'anja, Alomwe ndi Ayao okhala pamenepo sanafunsidwe.

Mfuti zinapita kuti?

Ganyu wa nkhondo sanathe ndi panganolo, anangosintha womulipira. Kutsidya, Harry Johnston anabweretsa asilikali a Chisikh ochokera ku India, n'kulembanso Amakua ndi Atonga. Ndi asilikali otere anagonjetsa mafumu a Chiyao a ku Mulanje, monga Matipwiri mu 1895.

Kuno, maprazo anaperekedwa kwa makampani monga Companhia da Zambézia, Boror, Madal ndi Lugela. Makampaniwa ankafunanso munthu wotolera msonkho ndi wogwira anthu antchito. Achikunda ambiri analowa ntchito imeneyo pansi pa dzina lakuti sipaio. Mukafunsa agogo anu za sipaio, mwina akuuzani za thabwa lomenyera m'manja lija, palmatória, limene ambiri ankati mbalamatodya. Nkhanza za msonkho ndi ntchito yokakamiza ndi zina mwa zimene zinathamangitsa Alomwe ambirimbiri kuwoloka Muloza ndi Ruo, kupita ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, kumene anakakumananso ndi thangata m'minda ya azungu. Ndipo mu 1917, anthu a ku Barue ataukira boma, Apwitikizi analemba Angoni zikwizikwi kuti akawathire nkhondo.

Achikunda amene anapita kumtunda kwa Zambezi anakhala mtundu paokha. Zidzukulu zawo zili ku Zumbo, ku Luangwa m'dziko la Zambia, ndi ku Kanyemba m'dziko la Zimbabwe, malo amene anatenga dzina la mkulu wa nkhondo uja. Chilankhulo chawo ndi Chikunda, chofanana kwambiri ndi Chinyungwe cha ku Tete. Lero ambiri ndi asodzi ndi alimi.