Tsobola Wakale Sawawa: Mphunzitsi ndi Zolemba za Boma za M'laibulale

Tsiku lina, m'nyengo yoyeserera kuphunzitsa, tinafika pa sukulu ina ya m'dera la Mfumu Mkhumba kudzaona mmodzi wa ophunzira athu akuphunzitsa Sitandade 6. Phunziro linali la maboma a dziko lathu. Mnyamatayu anali atakonzeka ndithu: mapu anali atajambula bwino papepala lalikulu, mau ake anali omveka, ndipo ana anali phee kumvetsera. Anawauza kuti m'Malawi muli maboma 24, nayamba kuwatchula limodzi limodzi kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Atamaliza, kamtsikana kena ka kumbuyo kanakweza mkono nikafunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, nanga Phalombe ali pati?" Mphunzitsi uja anayang'ana mapu ake, nayang'ananso ife, thukuta lili kamukamu. Phalombe panalibe.

Sitikulemba izi pofuna kumseka ai, pakuti iye sanachite ulesi. Analowa m'laibulale, anatenga buku la mapu pashelefu, nakopera mokhulupirika zimene anapezamo. Cholakwa chake chinali chimodzi chokha: sanatembenuze chikuto kuti aone chaka chimene bukulo linasindikizidwa. Pamene bukulo linkalembedwa, dera lino linali mbali ya boma la Mulanje. Phalombe anakhala boma payekha m'chaka cha 1998. Nawonso Balaka, Likoma ndi Neno anapatulidwa kuchokera ku Machinga, Nkhata Bay ndi Mwanza, kotero kuti maboma anafika pa 28.

Nthano ya kalulu ndi fisi siikalamba, ndipo masamu ochulukitsa amene anaphunzira agogo athu ndi omwewo lero. Koma zolemba za boma zili ndi moyo wina. Lamulo, sekula, silabasi kapena lipoti la kalembera limabadwa tsiku lake, limagwira ntchito kwa nthawi, kenaka linzake limalowa m'malo mwake. Choopsa n'chakuti chikalata chimene chinatha mphamvu sichisintha maonekedwe. Chimakhalabe pashelefu ndi chizindikiro cha boma pamwamba pake, chilembo chilichonse chili chomveka monga kale. Akuluakulu anati tsobola wakale sawawa, koma tsobolayo amakhalabe wofiira, ndipo wosalawa sangadziwe.

Motero nkofunika kuti mphunzitsi adziwe kumene zolembazi zimachokera ndi m'mene zimasinthira. Tiyambe ndi malamulo. Bilu ikakambidwa ndi kuvomerezedwa m'Nyumba ya Malamulo, imapita kwa Mtsogoleri wa Dziko kuti asayine, ndipo pambuyo pake imasindikizidwa m'Gazeti ya Boma, imene imatuluka kwa Osindikiza a Boma ku Zomba. Ngakhale zitatero, si nthawi zonse pamene lamulo limayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zimene maofesi a boma akusunga linasayinidwa mu 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Amene akanaphunzitsa mu 2018 kuti lamuloli likugwira ntchito akananama, angakhale pepala lake anali nalo m'manja.

Lamulo limene likukhudza ntchito yathu kwambiri ndi la Zamaphunziro la 2013, lomwe linalowa m'malo mwa la 1962. Tikudziwa kuti m'makabati ena a masukulu mudakali makope a lamulo lakale lija, ndipo alipo aphunzitsi amene amalitchula ngati lidakali ndi mphamvu. Nkhani ya chiyankhulo chophunzitsira ikutionetsa bwino m'mene zinthu zimayendera. Kuchokera mu 1968 Chichewa ndicho chinali chiyankhulo chophunzitsira m'makalasi oyambirira. Mu 1996 Unduna unatulutsa sekula yolola kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwao. Lamulo la 2013 linanena kuti chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi. Zikalata zitatu, mau atatu osiyana. Kaya tikugwirizana nazo kapena ai (ndipo ife amene tinaimapo pamaso pa ana a Sitandade 1 okhala pansi pa mtengo tili ndi maganizo athu pankhaniyi), mphunzitsi ayenera kudziwa chimene chinabwera pambuyo pa chinzake, kuti pokambirana ndi mlangizi wa maphunziro asayankhule za m'maluwa.

Palinso china chimene ambiri sachizindikira, ndicho chakuti zolemba za boma zili ndi ukulu wosiyana, monga m'mene nyakwawa isiyanirana ndi gulupu, gulupu ndi mfumu yaikulu. Malamulo oyendetsera dziko ali pamwamba pa onse. Pansi pake pali malamulo a Nyumba ya Malamulo. Sekula ya Unduna ili pansi pa onsewo. Chitsanzo ndi ichi. Mu 2015 kunakhazikitsidwa lamulo la maukwati lonena kuti munthu alowe m'banja atakwanitsa zaka 18. Koma malamulo oyendetsera dziko ankalolabe kuti wa zaka 15 akwatiwe ngati makolo avomereza, ndipo popeza wamkulu ndi wamkulu, mpata woipawu unalipobe kufikira mu February 2017 pamene aphungu anautseka. Tsono apa nkhani siilinso ya mayeso okha. Mudzapita kukaphunzitsa kumudzi kumene mtsikana wa Sitandade 7 adzasowa m'kalasi, ndipo mudzamva kuti amalume ake alandira kale mau a banja. Mukadzakhala pansi ndi makolo, komiti ya sukulu ndi amfumu, mau anu adzakhala ndi mphamvu ngati mukudziwa chimene lamulo likunena lero. Chimodzimodzinso ndi mtsikana amene wabereka: kuchokera mu 1993 boma linalola kuti abwerere ku sukulu, ndipo ndondomekoyi yakhala ikukonzedwanso. Mphunzitsi wosadziwa zimenezi angathe kutseka chitseko chimene boma linatsegula kale.

Ziwerengero nazo zimakalamba msanga. Ofesi ya kalembera ku Zomba inawerenga anthu m'zaka za 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Mu 1966 anthu analipo oposa pang'ono 4 miliyoni, mu 1987 pafupifupi 8 miliyoni, mu 2008 oposa 13 miliyoni, ndipo mu 2018 anapezeka 17,563,749, mwa iwo pafupifupi 430,000 a muno m'Phalombe. Langizo lathu n'lakuti musalembe chiwerengero pabolodi popanda chaka chake. Musanene kuti, "M'Malawi muli anthu akutiakuti," koma muziti, "Kalembera wa 2018 anapeza anthu akutiakuti." Mwana wozolowera kumva chotere adzaphunzira yekha kufunsa kuti, "Zimenezi n'za liti?" Ndiponso malipoti akale a kalembera ndi chuma cha phunziro la masamu, pakuti ana angathe kujambula magalafu ndi kupeza kusiyana kwa zaka pogwiritsa ntchito manambala a dziko lao lomwe. Madera a aphungu nawonso asintha: kwa zaka zambiri analipo 193, koma pa chisankho cha 2025 analipo 229.

Wina angaganize kuti njira yachidule ndi kutenga buku looneka latsopano n'kusiya lothimbirira. Ayi ndithu. Mbendera yathu inasinthidwa mu July 2010, pamene dzuwa lofiira lotuluka linachotsedwa n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu pakati. Mu May 2012 Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa mbendera yoyamba ija. Motero tchati chosindikizidwa mu 2011 n'cholakwika, pamene cha 1985 chikunena zoona pankhaniyi. Mayeso a JCE nawo anathetsedwa, kenaka anayambiranso mu 2021. Chaka chosindikizira ndi poyambira chabe. Chofunika n'kufufuza chimene chachitika kuchokera chaka chimenecho.

Nanga laibulale ya koleji ingathandize bwanji? Choyamba, zolemba za boma ziyenera kukhala pamalo ake ake, zosanjidwa molingana ndi kumene zachokera: masilabasi ndi mabuku a mphunzitsi a ku Malawi Institute of Education ku Domasi pamodzi, zolengeza za MANEB pamodzi, masekula a Unduna m'fayilo yake motsata masiku, malamulo ndi magazeti pamodzi. Pakhale kaundula, ngakhale kope wamba lachikuto cholimba, molembamo dzina la chikalata, ochitulutsa, tsiku limene chinatuluka ndi tsiku limene chinafika. Danga lotsiriza, limene ife timaliona lofunika koposa onse, ndi lolembamo chikalata chakale chimene chatsopanochi chalowa m'malo mwake. Zikatero woyang'anira laibulale atenge chakalecho, amatepo kapepala konena kuti chinatha ntchito ndi chaka chake, ndi kuchiika pashelefu ina. Asachitaye kapena kuchipereka kwa ogulitsa mandasi. Lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 1991 linabadwa chifukwa cha napolo amene anatsika m'phiri la Michesi mu March chaka chimenecho, ndipo linalowedwa m'malo ndi lina mu 2023, chaka cha namondwe wa Freddy. Wofuna kuphunzitsa mbiri ya boma lino adzawafuna onse awiri. Zimene zasowa kotheratu zingafunsidwe ku National Archives ku Zomba, kumene lamulo limalamula osindikiza mabuku m'dziko muno kupereka kope la chilichonse chimene atulutsa.

Masiku ano zolemba zambiri zimayamba kuoneka pa intaneti zisanafike papepala. Malamulo amapezeka pa tsamba la MalawiLII, ndipo ofesi ya kalembera, Nyumba ya Malamulo ndi MANEB zili ndi masamba ao. Ili ndi dalitso, koma lili ndi minga yake. Masamba amasintha, magetsi amazima, ndipo ndalama za bandulo sizikhalapo nthawi zonse. Choncho chikalata chofunika chisindikizidwe papepala, chilembedwe tsiku limene chinatengedwa, ndi kulowa m'kaundula monga zinzake. Munga waukulu ndi makalata oyenda pa WhatsApp. Taonapo "sekula" yonena za tsiku lotsegulira sukulu, yokhala ndi chizindikiro cha boma, ikuzungulira m'mafoni a ophunzira athu, koma itafufuzidwa inapezeka yabodza. Sekula yeniyeni imakhala ndi nambala yake, tsiku, ofesi yochokera ndi dzina la woisayina, komabe wachinyengo angathe kukopera zonsezi. Chotsimikizira chenicheni ndi njira imene yadzera. Ngati mphunzitsi wamkulu sanailandire, ndipo mlangizi wa ku TDC sakuidziwa, dikirani. Safunsa anadya phula.

Tikudziwa kuti ambiri a inu mudzatumizidwa ku masukulu opanda laibulale, kumene kabati ya mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu ndiyo nkhokwe yonse, ndipo chiswe ndicho chimawerenga kuposa anthu. Kumeneko pemphani mwaulemu kuti muone fayilo ya masekula sabata yoyamba yomwe mwafika, ndipo funsani ngati silabasi imene mwapatsidwa ndiyo ikugwira ntchito. Mukamapita ku msonkhano wa ku TDC tengani kope lanu la kaundula, mulembemo chilichonse chatsopano chimene mlangizi watchula.

Pakali pano, musanatuluke kukayeserera kuphunzitsa teremu ikubwerayi, aliyense atenge masikimu ndi notsi zake za maphunziro a chikhalidwe cha anthu ndi chilengedwe, adule mzere ndi pensulo pansi pa nambala iliyonse, dzina lililonse la ofesi ndi lamulo lililonse limene watchula. Pambali pake alembe kumene anazipeza ndi chaka chake. Zimene zasowa chaka abwere nazo ku laibulale Lachitatu masana, tidzafufuzire pamodzi.